Chibwano Chosokedwa

Zaka ziwiri ankati ndi mphumu.
Kabotolo kopopera mʼkamwa ndinali nako mʼthumba la ovolosi,
kena pansi pa pilo,
koma likhweru la mʼkhosi silinaleke.
Zulmira ankadzambatuka pakati pa usiku
kukaona ngati waiwala ketulo pamoto.
Ketuloyo ndinali ine.

Ine Anacleto Ferraz wa ku Marinha Grande,
amene ndinalera ana atatu ndi mpweya wa mʼchifuwa,
zaka makumi atatu ndikuuzira galasi lamoto
mpaka lifufume, lisanduke botolo, lisanduke nyali,
ndinafika potsamira khoma pa sitepe yachisanu,
wefuwefu ngati galu.

Ku Coimbra anatsitsira kadiso kowala mʼkholingo mwanga.
Dokotala Ondina Sequeira anajambula kuseri kwa envelopu:
“Nachi chotupa, chakhala phee pakati pa njira.
Khansa iyi siibwera kawirikawiri,
ineyo ndimaiona kamodzi pachaka, mwina kawiri.
Mpata watsala ndi uwu,”
anandionetsa pensulo yake.
“Tidula mphete zisanu ndi imodzi,
tikoka zamʼmunsi zikumane ndi zamʼmwamba, tisoka.”

Ndinaseka, kuseka kwa likhweru komweko.
Ntchito imeneyo ndikuidziwa:
machubu awiri, milomo yofanana, dzanja losanjenjemera.
Likakana umaliponya mʼngʼanjo nʼkuyambiranso.
Iye sanaseke.
“Kuno kulibe ngʼanjo,” anatero.

Nditatsitsimuka ndinafuna kuyangʼana kumwamba.
Mutu unakana.
Ulusi uwiri wochindikala
unali utamanga chibwano changa pachifuwa,
kuopa kuti ndingatambasule khosi kutulo
msoko nʼkumasuka.
Masiku asanu ndi awiri chiweramire,
ine amene kapitawo wa fakitale
sanaonepo liwombo langa.

Anthu ndinawadziwira nsapato.
Zoyera za dontho la mankhwala kuchala chakumanzere, nesi Benvinda.
Majombo a mchenga, Telmo wanga, wathawanso kuntchito.
Zakuda zonyezimira, wansembe, zinaima patali ndithu.
Ndiye zija za Lamulungu, zomuluma chidendene,
Zulmira anazivala tsiku lililonse.
Sindinamufunse chifukwa.
Ndinalibe mawu ofunsira.

Chifuwa chikamabwera ndinkachimva chili kutali
ngati sitima ya katundu,
ndinkagwira chitsulo cha bedi nʼkuchipempha:
dutsa pangʼonopangʼono, mlatho ndi watsopano.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kadiso kanatsikanso.
Zii.
Kenaka sizasi, the! the!
Khosi linadzuka monyinyirika ngati chitseko chadzimbiri,
ndipo choyamba kuona sichinali thambo ayi,
inali ntchentche yakufa mʼgalasi la nyali yakudenga,
galasi lopangidwa ndi makina, lokhala ndi msoko pambali.
Ndinaliyangʼana mpaka misozi.

Panatsata mimawa makumi atatu ya kuwotcha ndi cheza,
mate owawa, mkate wokanda kummero.
Dokotala sanandipake mafuta pakamwa:
“Matendawa ndi oleza mtima.
Amatha kukwawa mʼmitsempha, nʼkudzagogoda patatha zaka khumi.
Tizionana chaka ndi chaka mpaka tonse titachita imvi.”
Ndinamuuza kuti ine ndatsogola kale.

Kungʼanjo sindinabwerere.
Chitoliro changa chachitsulo chili kuseri kwa chitseko,
Zulmira amakolowekapo ambulera.
Mawu anga anatsika, asasa pangʼono,
nyimbo za mʼtchalitchi ndimazisiyira pakati.

Dzulo mdzukulu wanga Iria
anakankha mbale ya supu ya kabichi, ati ikuwotcha.
Ndinatenga supuni yake,
ndinakoka mpweya, unalowa wonse, osalira,
kudutsa pamene panali mphete zisanu ndi imodzi,
nʼkuuzira, phuu.
Nthunzi inapendeka.
Mwana anamwa, maso ali pa wailesi yakanema,
nʼkutambasulanso dzanja:
“Inanso.”